Zimene Chingwe cha Kuwala Chinanyamula

Inu, tamverani. Ine zokokomeza sindizikonda, ndiye ndikanena kuti Injiniya analankhula katatu pa phwando la apongozi ake pakamwa pake pali potseka, dziwani kuti ndi katatu ndithu, osati kasanu monga amanenera mlamu wake.

Injiniya ndi kalaliki wodinda makalata. Dzinali anamupatsa tsiku limene anadzutsa fani ya mu ofesi poimenya khofi, ndipo kuyambira pamenepo amayenda ndi sikuludiraiva m'thumba la malaya.

Loweruka limenelo apongozi ake aakazi ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu. Mphatso anapempha imodzi yokha: nyimbo zisanu ndi imodzi zimene malemu amuna awo anadzijambula akuimba ziikidwe pa chimbale, poti wailesi yawo yakale ndi yokhayo amadziwa potsegulira. Nyimbozo zinali mu laputopu ya Injiniya, ndipo iye analonjeza pamaso pa banja lonse kuti ikamakwana 3 koloko chimbale chidzakhala chikulira. Anakabwereka makina ojambulira kwa wokonza mawailesi wa pakona, pamodzi ndi zimbale ziwiri zopanda kanthu, za mtundu uja wojambula kamodzi basi, ukalakwitsa walakwitsa.

M'mawa anayala zonse pa tebulo lodyera. Mlamu wake, dalaivala wa basi, anakoka mpando kuti aonerere.

"Alamu, bwanji osangolumikiza ka chingwe wamba kaja, kofiira ndi koyera?"

"Kameneko ndi ka anthu ojambula za maliro," anatero Injiniya. "Ife tikupanga za digito. Digito siitaya kanthu."

Analumikiza chingwe chopyapyala chakuda. Makinawo anangomuyang'ana, timagetsi tosonyeza mawu osagwedezeka n'komwe. Anazula, nauzira m'kabowo, n'kulumikizanso. Zii. Anawamenya khofi ngati fani ija, koma awa analeredwa kwina. Kenaka anaganiza kuti mawaya aduka m'kati, ndiye anatenga lumo la akazi ake n'kudula chingwecho kuti aone. M'kati munalibe waya ngakhale mmodzi, munali kaulusi konyezimira ngati kowedzera nsomba.

"Taonani! Achotsamo mkuwa wonse! Dziko lino mbava zafika pena!"

Anathamangira pakona atanyamula zidutswa ziwirizo ngati umboni wa kukhoti. Wokonza mawailesi anaziyang'ana kwa nthawi ndithu, n'kuvula magalasi.

"Bwana, umu simudutsa magetsi. Mumadutsa kuwala. Mwadula chingwe chabwinobwino."

"Ndimafuna nditsimikize," anatero Injiniya.

Anabwerera ndi chingwe china, koma ichi chinakana kulowa m'kabowo. Anakankha, anapotokola, anatuluka thukuta. Mlamu anati mwina achipake mafuta. Akazi ake, amene ankadutsa ndi mulu wa mbale, anaima.

"Bambo, kansonga ako kavala chipewa."

"Mayi, izi si za kukhitchini."

Mayiwo anatula mbale, n'kumulanda chingwe, n'kuchotsa ndi chikhadabo kachivindikiro ka pulasitiki kamene kanali kunsonga. Chingwe chinalowa chokha, ndipo kunsonga inayo kunayaka kakuwala kofiira.

"Ndinali nditangotsala pang'ono kukaona," anatero Injiniya.

Anaika chimbale choyamba, n'kudina. Mawu a malemu anadzaza chipinda chonse kuchokera pa laputopu, ndipo Injiniya anapinda manja ngati munthu amene wamaliza kumanga mlatho. Patatha mphindi makumi awiri ndi zisanu anayesa chimbalecho mu wailesi. Chinazungulira mwaulemu, osatulutsa ngakhale chifuwa.

Anaimbira foni wokonza mawailesi uja.

"Nyimbo mumazimva pa laputopu?"

"Bwinobwino!"

"Ndiye vuto lake n'limenelo. Mukamazimva inu, ndiye kuti makina sakuzimva. Lowani posankha kotulukira mawu, musankhe chingwecho. Laputopu ikangoti zii, dziwani kuti zikuyenda. Ndipo bwana, chonde, musakhudzenso china chilichonse."

Apa n'kuti 2 koloko itadutsa, chimbale chitatsala chimodzi. Anasankha chingwe, laputopu inati zii, timagetsi ta pa makina tinayamba kudumpha. Mlamu anapita kukanyamula mipando, akazi ake kukavala, ndipo Injiniya anatsala yekha ndi mphindi makumi awiri ndi zisanu zoti asakhudze kanthu.

Anapirira khumi ndi ziwiri. Ndimutamande pamenepo.

Kenaka anaona pa laputopu kuti mng'ono wake wayankha uthenga wa mawu umene anamutumizira chakumasana. Yankho lake linali tizithunzi toseka tokhatokha, mzere wathunthu. Injiniya ndi munthu wokonda nthabwala zake zomwe, ndiye anafuna amvenso kuti ananena chiyani chokoma chonchi. Anadina pa uthenga wake uja. Sanamve kanthu. Anadinanso. Zii. Anakweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kudina kachitatu. Anaona timagetsi ta pa makina tikufika mpaka kofiira, ndipo anagwedeza mutu mokhutira: malemu afika pokoma.

"Simuyesa kaye?" anafunsa akazi ake ali pakhomo.

"Nthawi yatha. Komanso digito siyesedwa."

Kwa apongozi pabalaza panali podzaza: ana, zidzukulu, abusa, amayi awiri a kwaya. Apongozi anakhala pampando wawo wa pakona, kansalu kopukutira misozi kali kale m'manja. Nyimbo yoyamba inamveka bwino kwambiri, mpaka mpweya wa malemu unkamveka. Yachiwiri amayi a kwaya anathandizira. Yachitatu apongozi anatseka maso, ndipo Injiniya anayang'ana mlamu wake ndi nkhope yonena kuti, ka chingwe kofiira ndi koyera kaja kakanatha izi?

Nyimbo yachinayi ili pakati, malemu akukwera phiri la mawu, m'wailesi munalowa munthu wina.

"Iwe, kuyambira m'mawa ndikumvera nyimbo za malemu apongozi. Munthu anali wabwino, Mulungu awasunge, koma akakweza mawu umangoti wina akukoka tebulo pa simenti."

Abusa anayang'ana nsapato zawo. Akazi a Injiniya anagwira pamphumi. Injiniya anaganiza kuti zatha, koma anakumbukira kuti anadina kangati.

"...umangoti wina akukoka tebulo pa simenti."

Ulendo wachitatu, wa voliyumu yonse uja, magalasi a m'kabati ananjenjemera, ndipo malemu ankamvekera chapansipansi, akukoka tebulo lawo modzipereka.

Mdzukulu wina anadzuka kuti azimitse. Apongozi anakweza dzanja.

"Siya. Bwezera pamenepo."

Anabwezera. Apongozi anamvetsera mutu uli chopendekera, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anthu ankati akulira, ndipo misozi inalipodi.

"Zaka makumi asanu ndi ziwiri," anatero akupukuta m'maso, "m'mawa uliwonse ankaimba akumeta ndevu. Ndinkasowa kuti phokoso limeneli ndinalimvapo kuti. Tebulo pa simenti! Ndendende!"

"Mayi, pepani," anatero Injiniya. "Lolemba ndikujambulirani china."

"Ayi, ichi chisatuluke m'nyumba muno. Alendo onse azimva." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Koma bambo, kamodzi tinamva. Katatu bwanji?"

Injiniya anatsegula pakamwa, koma mlamu wake anamutsogolera.

"Ndi digito, mayi. Siitaya kanthu."