Mmene Bisiketi Analowera mu Mtundu wa Agalu Anga

Ku tchalitchi kwathu ku Oshawa, kuno kutsidya kwa nyanja, kuli anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kuseka ndisanapereke moni. Alekeni aseke. Inu nkhaniyi imvereni kwa mwini wakene.

Amene anandilowetsa m'za agalu osaka marakuni ndi mnzanga wa kuntchito, mzungu wachikulire. (Kwa inu amene simunafike kuno, rakuni ndi kanyama konenepa, kankhope ngati kavala magalasi akuda, katswiri potsegula mabini a zinyalala.) Anandipititsa ku famu ya mchimwene wake kumpoto kwa tauni. Nditangomva agalu akuuwa pansi pa mtengo, basi mtima wanga unatsalira komweko. Ndinabwerako ndi kagalu kakakazi kofiirira, makutu okwekwa pansi, mbiri ya makolo ake yaitali kuposa ya banja lathu. Ndinakatcha Mfumukazi.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka mphunzitsi. Aliyense ndinkamuuza kuti galu wabwino ndi magazi, kuti mphuno amatengera kwa amake, mawu kwa abambo ake, ndipo sukweretsa mwachisawawa. Pa phwando la Amalawi ku Etobicoke ndinawagwira adikoni athu ndi phunziroli mpaka chakudya chawo chinazizira m'manja.

"Bambo a Chisomo," anatero akazi anga tikubwerera, "agogo anu enieni dzina lawo mumachita kufunsa, koma agogo a galu mukuwatchula pamtima."

Mfumukazi atafika nyengo yake, ndinabuka galu wamphongo wotchuka wa pa famu paja, wopambana mipikisano. Ndinamusambitsa mtsikana wanga n'kumuperekeza ngati mkwatibwi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti pansi pa mpanda wathu panali dzenje, ndipo kuseri kwake kumakhala Bisiketi, kagalu ka aneba athu, mayi Tembo a ku Chipata. Kafupi, ubweya wopotanapotana, miyendo ngati ya mpando wa ana a mkaka. Bisiketi sanabuke. Anangofika msanga.

Ana atabadwa ndinawajambula n'kutumiza pa gulu la pafoni la kutchalitchi, ndi mawu akuti, "Achifumu afika!" Patapita masabata angapo ubweya unayamba kupota. Miyendo inakana kukula. (Ndinadzitonthoza kuti mwina n'chifukwa cha kuzizira.) Kenako ndinaitana mwini famu uja kuti adzaone ana a galu wake. Ananyamula kamodzi, kukatembenuza uku ndi uku, kenako n'kuyang'ana kumpanda, kumene Bisiketi anatulutsa mutu padzenje ngati mkamwini wodzaona ana.

"Bambo wawo ndi uyo," anatero, n'kumuvulira chipewa.

Akazi anga anathawira kubafa kukaseka. Pofika Lamlungu aliyense anali atamva. Adikoni anandigwira dzanja ndi manja awiri, nkhope yachisoni: "Achimwene, kaya achifumu aja adzuka bwanji?"

Ena onse ndinagawa. Kanatsala kamodzi kamene palibe amene anakafuna, dzina lake Chitsa.

Dzinja litatha, kalabu ya osaka inakonza tsiku loyesa agalu ang'onoang'ono. Amakoka chikopa cha rakuni m'tchire masana, n'kuchipachika mumtengo, agalu azitsata fungo. Ine ndinangopita kukaonerera, ndipo Chitsa ndinamutenga chifukwa akatsala kunyumba amadya nsapato. Atangomasula agalu a mapepala otsimikizira mtundu wawo, Chitsa anapulumuka m'manja mwanga n'kuwatsatira, akudzandira ngati bakha. Anthu anaseka. Ine ndinabisala kuseri kwa galimoto.

Koma pa kamtsinje fungo linakhota n'kulowa pansi pa mtengo wakugwa. A miyendo yaitali aja analumpha n'kupitirira ndi liwiro lawo lonse. Chitsa, poti mphuno yake inabadwira pafupi ndi dothi, anangolowa pansi. Tinadikira. Kenako m'tchiremo munamveka kuuwa kwakuya, kwa amake kwenikweni, kutuluka m'kathupi kongati pilo. Titafika tinamupeza yekha, miyendo iwiri pamtengo, chikopa chili pamwamba pake.

Abale, ndinatuluka kuseri kwa galimoto kuja ndikuyenda ngati ndagula famu yonse.

"Ndi mtundu wanji umenewu?" anafunsa mkulu wina wa ndevu.

"Ndi kasakaniza wanga," ndinayankha. "Ndinamuganizira nthawi yaitali."

Anandiuza kuti ndikadzakhalanso ndi ana otere ndimuimbire. Kanema wa tsikulo ndinamutumiza kwa adikoni osalemba chilichonse.

Madzulo ake ndinagogoda kwa mayi Tembo, thumba la chakudya cha agalu lili paphewa, kukafunsira mwaulemu wonse kuti Bisiketi adzachezenso, koma ulendo uno alowere pakhomo.

"Iyayi, aneba, mwachedwa," anatero mayi Tembo. "Tinamupeleka kwa dokotala, anamuthena. Anthu a mumsewu muno anachuluka kudandaula."

Bisiketi anali atagona pa sofa, sanandiyang'ane n'komwe. Chakudya chija ndinamusiyirabe. Masiku ano ndikuyendayenda mumsewu wathu kufufuza nyumba zimene zinadandaula zija, kumene Bisiketi anasiyako ana, chifukwa pa nkhani yokweretsa agalu ndili ndi maganizo ena atsopano.