Laibulale Yathu Ili M'dirowa ya a Hedi

Sekondale ina yoyendera,
Kuseri kwa minda ya tiyi,
Mulanje.

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Mabuku Amene Ali M'njira,

Bwana,

Ndagwada, ndipo m'manja ndawomba. Dzina langa ndine Morris Napwanga, mphunzitsi wa jogalafe pa sukulu imene simungaidziwe, poti msewu wake umadetsa galimoto. Ndaima kutsogolo kwa bolodi zaka makumi awiri ndi zitatu. Sindikudandaula ayi. Munthu wolandira choko chaulere angadandaule chiyani? Ndikuthokoza, ndipo zothokozazo ndaziika manambala kuti mlembi wanu adziwe kuchuluka kwa zimene akutaya.

1. Zikomo chifukwa cha mabuku amene ali m'njira. Mawu amenewa ndinawamva koyamba ndikadali ndi tsitsi mutu wonse. Anzanu amene anakhalapo pampandopo ankanena zomwezo, inunso mwambowo mwausunga bwino. Kuchedwa kwa mabukuwo kwandipatsa ulemu waukulu, chifukwa pasukulu pano buku la jogalafe ndinali ine. Ndili ndi kope lachikuto chofiira limene ndinakopera kwa aphunzitsi anga ku koleji. Ine ndimawerenga mokweza, ana n'kumalemba, ndipo panalibe wonditsutsa.

2. Zikomo chifukwa cha chiswe, ngakhale sindikudziwa ngati chili pansi pa unduna wanu. Chaka china chiswecho chinalowa m'kabati n'kudya masamba anayi a kope lija, mutu wonse wa mvula ya m'mapiri. Kuyambira pamenepo, ndikafika pa mutu umenewo ndinkatsokomola pang'ono n'kuuza ana kuti izi sizibwera pamayeso. Zabwera kanayi, bwana. Taganizani, munthu wobadwira m'tsinde mwa phiri la Mulanje, amene malaya ake sauma sabata yathunthu nthawi ya chiperoni, kulephera kufotokoza chifukwa chake mvula imatikonda chonchi! Mwana akandipanikiza ndi mafunso ndinkamuyankha kuti za mvula amadziwa ndi Mulungu, ndipo ana a kuno ndi oopa Mulungu, ankangosiya kufunsa.

3. Apa pokha ndiye sindikuthokoza. Kuli aphunzitsi m'mayiko osiyanasiyana amene ayamba khalidwe lolemba mabuku n'kuwaika pa intaneti kuti aliyense atenge, akopere, akonze molakwika, agawireko mnzake, osalipira kanthu. Akuti mabuku otere akuchulukirachulukira chaka ndi chaka. Anthu opanda mwambo amenewa sanadikire tenti, gule, ngakhale kudula riboni. Mabuku awo anafika mpaka pa Chonde, m'kashopu ka mayi Rosie, amene amatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo ndi mafilimu. Mayiwa anayamba kuikiranso ana asukulu mabukuwo, pakati pa nyimbo za kwaya ndi mafilimu a nkhonya. Anu aja akadali m'njira, awa anafika osakwera lole.

4. Tsopano ndifike pa Enifa. Ndi mtsikana wa Fomu 4, amakhala kutsogolo, ndipo mayi ake amathyola tiyi kuesiteti. Lolemba lina nditafika pa masamba odyedwa aja, ndinatsokomola monga mwa nthawi zonse. Iye anakweza dzanja, n'kutulutsa foni yosweka galasi m'thumba la siketi. "Sala, pepani, koma zilimotu m'silabasi. Nachi chithunzi chake." Kumbuyo kwa kalasi wina anaseka.

Bwana, lamulo lanu loletsa mafoni pasukulu linandipulumutsa tsiku limenelo, Mulungu akudalitseni. Ndinalanda foniyo, ndinakaipereka kwa a hedi athu, mayi Agatha, ndipo anaitsekera m'dirowa. Malinga ndi lamulo la pasukulu pano, idzatuluka potsekera teremu, kutanthauza kuti mayeso a Fomu 4 atatha kale. Enifa ndinamupatsa khasu kuti akumbe dzenje la zinyalala kuseri kwa zimbudzi. Ndinauza anzanga kuti ndikuteteza mwambo. Zoona zake n'zakuti ndinachita manyazi, ndipo manyazi a munthu wadazi amafuna wina woti awasenze.

5. M'mawa mwake ndinapita kwa a hedi kukapempha foni ija, ati ndikafufuze ngati mulibe zolaula. Ndinakhala nayo m'chipinda chosungiramo matsache. Zolaula sindinazipeze. Ndinapeza chithunzi cha phiri ndi mivi: mphepo yachinyezi yochokera kunyanja ya mchere, kudutsa kwa anzathu ku Mozambique, imagunda phiri, imakwera, imazizira, n'kutula mvula mbali yathu ino, ikamatsikira ku Phalombe imakhala youma. N'chifukwa chake tiyi ali kuno. Ndinatuluka panja n'kuyang'ana phirilo ngati mlendo wongotsika kumene minibasi pa Chitakale. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi, bwana, ndipo tsikulo ndinalira pang'ono pakati pa matsachewo.

Kufufuzako kukupitirirabe, sabata yachitatu tsopano. Aphunzitsi a bayoloje nawonso anapempha kufufuza. A masamu amafufuza Lachiwiri ndi Lachinayi. A hedi, poti kiyi ndi wawo, amafufuza nthawi ya buleki. Kuseri kwa chitseko cha ofesi tamatako ndandanda kuti tisakanganirane, ndipo foniyo timasinthana poitchaja. Choncho mukadzafunsidwa ngati sukulu yathu ili ndi laibulale, muziyankha molimba mtima kuti inde. Ndi yaing'ono, imalowa m'dirowa, ndipo mwini wake saloledwa kuigwira.

6. Zikomo pondiphunzitsa kusachita manyazi pankhope. Sabata yatha ndinajambula chithunzi chija pabolodi ngati ndachitenga m'mutu mwanga. Enifa anali pampando wake, m'manja muli matuza a khasu. Anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, kuti anzake asamve, "Sala, muvi wa mphepowo umaloza kumtunda." Ndinafufuta n'kukonza. Sanaseke, sanaulule. Ndikadakonda akadandinyoza.

Lachisanu kunabwera mayi ake, dengu la tiyi lidakali kumsana. Anagwada pakhomo la ofesi n'kundithokoza polanga mwana. "Mwana ngwanu uyu, aphunzitsi, mukamuona wakhota muzimuwongola. Koma nanga poti m'menemo ndi mmene muli mabuku ake, aziwerenga chiyani?" Panthawiyo foni inali m'thumba la jekete yanga, ikutentha, chifukwa ndinali nditangomaliza kuwerenga za miyala.

Mayeso atsala masabata asanu. Mwana ameneyu akhoza kupita ku yunivesite, ndipo akalephera ndikudziwa dengu limene likumudikira. Aphunzitsi anayi tikukhuta nzeru za m'foni mwake, iye akubwereza manotsi a m'kope lodyedwa ndi chiswe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Mwanayu fodya anali atamufikitsa pamphuno, ine ndi amene ndinamulanda, m'dzina la mabuku anu a mphepo aja.

Choncho ndikudziwitseni modzichepetsa kuti mawa ndiswa lamulo. Ndamuuza kale mayi Agatha, ndipo ayankha kuti iwo mawa kiyi adzamuiwala patebulo. Ndikabweza foniyo pamaso pa kalasi yonse, ndikauza anawo za chiswe, ndiponso za anzawo a zaka zam'mbuyo amene ndinawatumiza m'chipinda cha mayeso ndi bodza. Kenako ndidzapempha Enifa kuti masana aliwonse azitiwerengera tonse, ine ndili pabenchi.

Pempho langa ndi laling'ono, bwana. Mabuku musavutike nawo, asiyeni apume m'njiramo, ayenda mokwanira. Koma pasukulu pano tili ndi mwambo wakuti aliyense wobwera m'kalasi wopanda buku limene analonjeza kubweretsa amakumba dzenje, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Dzenje la Enifa lafika m'chiuno, latsala theka. Ine ndiyamba mawa ikangolira belu yoweruka. Tsiku limene mudzadutse pa Chitakale ndi mdipiti wa galimoto zanu, mukhotereko kuno pang'ono. Suti musadandaule nayo, ndidzakugwirirani. Makasu alipo awiri.

Ine kapolo wanu wosayenera,

Morris Napwanga,
Mphunzitsi wa jogalafe, amene wadziwa chaka chino kumene mvula imachokera.