Malata a Alamu Anga Okana Dzimbiri

Kodi lata losapaka chilichonse lingakhale panja dzinja lonse osachita dzimbiri? Funso limeneli linasowetsa mtendere anthu ophunzira kwambiri muno mu Bulawayo. Yankho ndinali nalo ine, ndipo ndikuululirani ngakhale manyazi akundigwira.

Alamu anga a Thoko, akulu ake a mkazi wanga, ndi researcher. Ntchito yawo ndi kusakaniza mankhwala a mtundu wa pulasitiki, omwe amati ma polymer, kuti apeze utoto woteteza malata. Tsiku lina anatsika kombi ndi zidutswa za malata khumi ndi ziwiri, n'kuzimangirira pa mpanda wathu ku Lobengula.

"Sbali," anatero, poti mlamu kuno amamutchula choncho, "izi zikhala pano dzinja lonse, mvula ndi dzuwa zizimenye. Zisanu ndi zinayi ndapaka mankhwala anga, zitatu ndasiya dala kuti ndiziyerekezera. Musakhudze!"

Ndinavomera ndi mtima wonse. Koma dziwani kuti ndili ndi mwana mmodzi, Tadala, yemwe anali atangoyamba kuyenda. Ine ndine bambo woti mwana akayetsemula kawiri, ndavala kale nsapato zopitira ku kiliniki.

Patatha milungu itatu, zosapaka zija zinayamba kufiira. M'mawa wina ndinapeza Tadala akusisita chimodzi, kenako chala m'kamwa. Kafumbata! Mtima unangoti phaa.

Ndiye ndinaganiza ngati munthu wanzeru. Alamu amadana ndi dzimbiri, inenso ndimadana nalo. Vuto lili pati? Ndinatenga waya wotsukira mapoto, ndinakwecha zitatuzo mpaka mbee, n'kuzipaka mafuta odzola a mwana. Lamlungu lililonse tisanapite ku tchalitchi, chimodzimodzi. Zopakidwa mankhwala zija sindinaziyandikire n'komwe. Ndine munthu wosunga pangano.

Kumapeto kwa mwezi alamu anabwera ndi kope lawo.

"Hayi bo! Zosapaka zikuwala kuposa zomwe ndapaka?"

Ine ndinalowa m'nyumba kukatereka tiyi.

Mwezi wachiwiri anabwera ndi anzawo awiri a ku lab. Wina anati mwina ndi mpweya wa ku Lobengula. Wina ananunkhiza lata n'kuti, "Koma likununkhira ngati khanda." Kenako anafunsa mkazi wanga ngati pali amene amazigwira.

"Pano? Bambo a Tadala salola ngakhale ntchentche kutera pamenepo!"

Ndinawonjezera shuga m'makapu mwa alendo. Lamlungu lotsatira dzimbiri linabweranso, ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinakwechanso.

Mwezi wachitatu alamu anangokhala pansi pa khonde, kope lili pa miyendo.

"Zaka ziwiri ndikusakaniza mankhwala, lata lamaliseche likundiposa. Mawa ndikawauza a professor kuti ntchito yanga yakanika."

Misozi inali italengeza m'maso mwawo. Munthu ameneyu ndi amene anandinenerera kwa apongozi pomwe ndinkafunsira mbeta ndilibe ndi jekete lomwe. Ndinatsokomola.

"Alamu, zitatuzo ndimazidzoza."

"Mumazitani?"

"Ndimazikwecha kaye. Kenako mafuta a Tadala."

Mkazi wanga anagwira m'mutu. "Ndiye chifukwa chake botolo limatha msanga! Ine n'kumadabwa kuti mwana mmodzi ali ndi khungu lalikulu bwanji!"

Alamu anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso ali pa zala za kumapazi. Kenako anaphulika chiphwete mpaka Tadala analira.

"Sbali! Dzinja lathunthu mwandidyera! Ma PhD atatu kuzunguzika chifukwa cha inu ndi waya wa mapoto!" Anapukuta misozi n'kutsegula kope. "Koma tanenani, mumapaka ochuluka bwanji? Mwaposa zosakaniza zanga ziwiri."

Ntchito yawo sinafe, anangoyambiranso dzinja lino. Zidutswa zatsopano anazikhoma pa mtengo wautali kuseri kwa nyumba. Ndinawathokoza kuti aganizira Tadala.

"Tadala ayi," anatero. "Ndayeza ndi msinkhu wanu."

Ndaphunzira kuti dzimbiri lina lili ndi mwini wake. Choncho aneba anga nonse, ndikabwera kwanu Lamlungu m'mawa nkhope ili yodandaula, chonde musandibwereke makwerero.