A Gusito wa Maboma Awiri

Mwambi uwu, ana inu, sunaphuke ngati bowa ayi. Uli ndi kwawo, ndipo unayamba motere.

Tawuni yathu ino ya Chigwambale musaione lero ili fumbi lokhalokha ndi maminibasi olira ngati mbuzi zomangidwa. Kale inali tawuni. Dzinalo anatcha makolo poona kuti chigwachi chakhala ngati mbale: kummawa phiri la Mlindi, kumadzulo phiri la Ngwangwa, pakati anthu ngati ndiwo. Dzuwa linkafika mochedwa chifukwa linkayamba lakwera Mlindi, n'kupumira kaye pamwamba. Mapichesi ankagwa okha m'misewu, nkhumba n'kumasankha akupsa bwino. Maofesi a boma anali opaka njereza, mbee, oti ukayang'ana masana umatuluka misozi. Msilikali akaliza lipenga m'mawa, Mlindi ankayankha, Ngwangwa n'kuyankhanso, mlendo n'kumayesa kuti tili ndi asilikali odzaza chigwa, chonsecho anali mmodzi, wachifuwanso.

Phiri lililonse linali ndi phanga lake. M'mapangamo ndimo makolo ankabisala nthawi ya nkhondo, ndipo mwaye wa moto wawo ulipobe kudenga. Nkhondo zitatha, mapangawo sanathe ntchito. Paja mbale imasunga madzi. Mvula yaikulu ikagwa, mtsinje wa Likhubwe unkasefukira n'kulowa m'nyumba osaodira, ndipo anthu ankanyamula ana ndi nkhuku n'kukwera kuphanga mpaka madzi ataphwa.

Tsono chaka china akuluakulu a kutali, amene chigwachi sanachipondepo, anati boma lakula kwambiri, ligawidwe pawiri. Kunabwera woyeza malo ndi tcheni chake. Anthu anati, "Bwana, malire atsate mtsinje." Iye anauyang'ana Likhubwe mmene wakhotakhotera n'kunena kuti boma silingatsate chinthu choyenda ngati chidakwa. Anakoka tcheni mowongoka, tswii. Malire anadula msika pakati, tomato kummawa, anyezi kumadzulo. Anadutsa pakati pa mtengo wa mango, anadula bwalo la mpira, mpaka anafika pa nyumba ya a Gusito Chimbalanga, n'kulowa pakhomo, n'kudutsa pakati pa kama, n'kutulukira pazenera.

A Gusito anali munthu wamtali, wosakwatira, wa manja osalala ngati a mwana wakhanda. Khasu ankalilemekeza kwambiri, n'chifukwa chake sankaligwira. Anthu anawamvera chisoni kuti nyumba yawo yang'ambidwa, koma iwo anagona pakamapo, mutu m'boma la kummawa, miyendo m'boma la kumadzulo, n'kuona kuti Mulungu wawakumbukira.

Boma lililonse linkafuna msewu wakewake, ndipo mwamuna aliyense ankayenera kukagwira ntchito ya msewu wa kwawo. Woitana anthu kummawa anali mesenjala Kwilasi, munthu wa mimba yake, woyankhula pang'onopang'ono ngati mawuwo akuwatunga pachitsime. Anafika kwa a Gusito atavala chisoti chofiira.

"Odi. A... Gusito. Mawa... piki. Tikuswa... miyala ya Mlindi."

A Gusito anangoyenda n'kukaima kuseri kwa kama. "Pepani a mesenjala, mukuyankhula ndi munthu wa kumadzulo. Munthu kwawo n'kumene kuli miyendo yake. Mutu umangolota, koma choponda dziko ndi phazi."

A Kwilasi anaganiza, anaganizanso, n'kubwerera.

Kenako kunabwera mesenjala wa kumadzulo, a Dzimbiri, kamunthu kowonda koyankhulira m'mphuno mothamanga ngati kakuthawa njuchi. "Odiodi a Gusito mawa khasu tikukumba ngalande musachedwe."

A Gusito analumpha kama. "Iii, a mesenjala, mwalowa m'dziko la eni. Ine ndine wa kummawa. Munthu kwawo n'kumene kumagona mutu wake. Kodi miyendo inayamba yayankhapo mlandu?"

Zinayenda choncho zaka. Anzawo manja anachita zikang'a, a Gusito akusenda mapichesi pakhonde. Koma kukakhala phwando, nkhani inkasintha. Kummawa atapha ng'ombe potsegulira ofesi yatsopano, a Gusito anali patsogolo, akuti, "Ife eni boma lino." Kumadzulo atafulula thobwa polandira a Disii atsopano, chipanda choyamba chinali chawo, akuimba nyimbo yotamanda Ngwangwa mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka.

Tsiku lina amesenjala awiriwo anakumana pamsika, wina ataima kwa tomato, wina kwa anyezi.

"Achimwene munthu uja ndi wanu kapena wanga?" anafunsa a Dzimbiri.

"Musavutike," anatero a Kwilasi. "Mvula... idzatiuza. Phanga limene adzalowe... ndiye kwawo."

Mawuwo anamveka chigwa chonse, ndipo a Gusito anaseka mpaka kugwira nthiti. Zaka zimenezo mvula inkagwa yaulemu, ndipo Likhubwe anali asanasefukire chigawireni boma.

Chimene chinawagwetsa a Gusito ndi mtima. Pamsika, mbali ya kummawa, pankakhala mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo, wokazinga mbatata ya kachewere. Anali ndi kaseko koti mwamuna akamva ankaiwala chimene wadzagula. A Gusito anayamba kumaima pafupi ndi chiwaya chake kuyambira m'mawa, mpaka zovala zawo zinkanunkha mafuta. Potsiriza analankhula mawu awo.

Nangondo anawagwira dzanja, n'kulitembenuza uku ndi uku ngati akusankha nsomba. "A Gusito, dzanja ili lagwirapo chiyani chibadwire?"

"Lagwira lanu lero, mayi."

"Pakamwa pokha mulipo. Koma ine ndinakwatiwapo, mawu okoma ndikuwadziwa kuti sathira ndiwo. Mchere wavuta m'chigwa muno. Pitani kutsidya kwa mapiri kumene amaphika mchere, mukasenze thumba lathunthu pamutu panu, osati pa mutu wa waganyu. Mukalitula pamapazi angawa, mukauze ankhoswe anu abwere."

Ana inu, chikondi ndi mankhwala oopsa. A Gusito anapita. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona, ena anayesa kuti ndi maliro. Anakwera mapiri, anatsika, anagwira ntchito kwa ophika mchere mpaka anawapatsa thumba, thumba lake lalikulu ngati mwana wa ng'ombe. Analisenza. Khosi linalowa m'mapewa, moti munthu wamtali uja anabwera ali wamfupi. Njira yonse ankangoona kaseko ka Nangondo.

Anatulukira pampata wa mapiri masana, chigwa chonse chili pansi pawo, maofesi ali mbee uku ndi uko. Koma kumwamba kunali kutada bii ngati kunsi kwa chiwaya chija. Atafika pafupi ndi msika, kunagunda bingu, ndipo mapiri onse awiri anavomera. Madontho oyamba anali akulu ngati mapichesi. Anayang'ana kunyumba kwawo, n'kuona Likhubwe walowa kale, kama wawo akuyandama kuchoka m'boma lina kupita m'boma lina popanda chilolezo. Anthu anali piringupiringu, a kummawa kukwera Mlindi, a kumadzulo kukwera Ngwangwa.

A Gusito anathamangira ku Mlindi, poti Nangondo anali kumeneko. Pakhomo pa phanga panali fungo la chimanga chootcha, moto uli lawilawi, ana akuimba. Nangondo atawaona ndi thumba pamutu anaimirira, nkhope yake ili ngwee.

"Mwabwera nalo ndithu. Lowani msanga, a Gusito, mchere sugwirizana ndi madzi."

Anakweza phazi. Pomwepo a Kwilasi anasuntha mimba yawo kuti apereke njira, akumwetulira. "Lowani... kwanu kuno. Piki yanu... tinakusungirani. Ili apo."

A Gusito anaiona pikiyo itatsamira khoma. Anakumbukira miyala ya Mlindi, yoti ukaimenya imakubwezera. Phazi lija linabwerera lokha.

"Ndangodzapereka moni," anatero. "Kwathu ndi uko."

Anatsika, anawoloka ulalo madzi akunyambita mitengo yake, n'kukwera Ngwangwa. Mumtima ankati dothi la kumadzulo n'lofewa, ngalande si miyala. Pakhomo pa phanga anapeza a Dzimbiri akudumphadumpha ndi chimwemwe.

"Fikanifikani achimwene tinakusowani khasu lanu ili ngalande yatsala kuchokera pano mpaka kumpata komanso ya chaka chatha ndi ya dzana lake."

"Ya chaka chathanso?"

"Zonse zinakudikirani palibe anakhudza."

A Gusito anasuzumira mkati. Moto wa kumeneko unali wautsi, chimanga panalibe, Nangondo panalibe. Anaganiza kuti mwina a Kwilasi, poti ndi munthu wochedwa, za zaka zapitazo sanaziganize.

"Ndasokera ndi mvulayi," anatero. "Mutu wanga umagona kummawa."

Anatsikanso. Tsono apa ndi pamene panachitika zodabwitsa. Pokwera Mlindi kachiwiri anaona kuti thumba lija silikulemeranso ngati kale. Khosi linayamba kutuluka m'mapewa. A Gusito anasangalala. "Anthu amati ndine waulesi," anadziuza. "Taonani mphamvu zikubwera. Thupi langali limangofuna kulizoloweza." Madzi oyera anali kutsikira kumsana, kulowa m'kabudula, kutulukira kumapazi. Ena analowa m'kamwa, ndipo anati, "Ngakhale thukuta langa ndi la munthu wolimba, lamchere zedi."

Atafika, anaima panja pa phanga, mvula ikuwamenya. "A mesenjala, tipangane. Thumba lokhali lilowe, ine nditsale."

A Kwilasi anatsegula pakamwa, koma Nangondo anawatsogolera. Kaseko kaja kanali katachoka.

"Ine sindinafunsiridwe ndi thumba, a Gusito. Mchere ulowe ndi mwini wake. Piki sinaphepo munthu. Malemu amuna anga anaigwira, a Kwilasi awa anaigwira ndi mimba yawoyi. Lowani, ndikupempha."

A Gusito anayang'ana Nangondo. Anayang'ana piki. Anayang'ananso Nangondo, ndipo ndikuuzani zoona, anatsala pang'ono. Koma kamutu kawo kochenjera kanawanong'oneza kuti a Dzimbiri akhoza kuchotsako ngalande ya chaka chatha munthu atawanyengerera bwino.

"Ndikubwera, mayi. Ndikangomva mawu amodzi uko."

Anthu a m'mapanga onse awiri anasiya kuotha moto, n'kudzaima pakhomo kuonerera. Ankangoona kanthu kakutsika Mlindi, kuwoloka, kukwera Ngwangwa, kuima pang'ono, kutembenuka, kutsikanso. Ulendo uliwonse kankathamanga kuposa poyamba, poti katundu ankapepukirabe. Ana a kummawa anayamba kuwaimbira, a kumadzulo n'kumavomera, mapiri n'kumathandiza. Amati mchere umene unatsika tsiku limenelo unakoleretsa Likhubwe yense, moti anthu a kumunsi anadya nsomba zothira kale mpaka chaka chinatha.

Mvula inakata dzuwa lisanalowe. Inawasiya a Gusito pakati penipeni pa chigwa, pansi pa mango wa pamalire uja, ali chinyowere ngati nkhuku yogwera m'chitsime, mano akuombana. Anthu anatsika mbali zonse ziwiri n'kuwazungulira. Zoyamba kufika zinali mbuzi. Zinawanunkhiza, n'kuyamba kuwanyambita miyendo, za kummawa mwendo uwu, za kumadzulo mwendo uwo.

Nangondo anadutsa pakati pa anthu. A Gusito anadziwongola, anatsitsa thumba pamutu ndi dzanja limodzi kuti anthu aone mphamvu, n'kulitula pamapazi pake. Linagwa pansi kuti phwa, ngati chisanza. Nangondo analitola ndi zala ziwiri, analikutumula, ndipo munagwa kachule.

Palibe anaseka, kupatula mbuzi imodzi.

"Munapitadi, a Gusito," anatero Nangondo mofatsa. "Munasenzadi. Chimenecho sindidzakulandani. Mukanangoponda phazi limodzi m'phanga, bwenzi mawa tikuphika thobwa. Koma mwamuna wolephera kusankha boma, mawa adzalephera kusankha khomo."

Anawabwezera thumba lawo, n'kunyamuka. A Kwilasi anamunyamulira chiwaya, ndipo pofika kumsika anali atamaliza kunena mawu omufunsira amene anawayamba kuphanga. Ukwati wawo unachitika chaka chomwecho. A Gusito anapitako, poti phwando sankaliphonya, koma akuti nyama anaidya yosathira mchere.

Za msewu, amesenjala anagwirizana mosavuta. Poti munthuyo anafika pakhomo pa mapanga onse awiri, ndiye kuti ndi wa onse awiri. A Gusito anaswa miyala ya Mlindi, anakumbanso ngalande za Ngwangwa. Msewu umene mumakwerapo minibasi uwu, pamene umakhota pafupi ndi chigayo, ndi manja awo. Unakhota chifukwa ankazemba mwala.

Lero malire aja kulibe. Akuluakulu ena a kutali anadzati maboma awiri achuluka, n'kuwaphatikizanso. M'maofesi a kumadzulo mukugona mileme, lipenga linaleka kulira, mango uja anadula, ndipo mapichesi muyenera kuchita kugula. A Gusito, a Kwilasi, a Dzimbiri, Nangondo, onse anagona kumanda amodzi, opanda tcheni pakati. Koma mukadzadutsa pamene panali mango paja, mudzaona mbuzi zikunyambita dothi mpaka pano.

A Gusito atakalamba ankakhala pakhonde, manja ali gwaa ndi zikang'a. Akaona mnyamata akufunsira uku ndi uku, kapena munthu akuyamba ntchito iyi asanamalize iyo, ankamuitana, n'kumuonetsa chithumba chakale chimene anachipachika pakhoma moyo wawo wonse, n'kunena kuti, "Mwana wanga, lowa phanga limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa."