A Paison ndi Lole Yotuwa

A Paison Mbewe sankatha kudutsa galimoto yotuwa osainyambitira chala. Ukaimika galimoto yako mu Chipata muno kuti ugule tomato, pobwerera umapeza bambo wamfupi wa ovolosi atawerama pa boneti, akunyowetsa chala ndi malovu, akutikita penti, kenako n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Motoka iyi sinafe, bwana," ankatero. "Yangokomoka chabe."

Ukachedwa kuyankha, umapeza atulutsa kale kabotolo ka polishi ndi kansanza m'thumba. Ankapukuta malo amodzi okha, aakulu ngati mbale, mpaka uzidziona nkhope, n'kukuuza kuti imeneyo ndi sampo, yaulere. Ulere wake unali nyambo. Ndani angazungulire tauni yonse ndi galimoto yotuwa yokhala ndi diso limodzi lowala? M'mawa mwake mwini galimoto ankabwera yekha pansi pa mtengo wa mango pomwe a Paison ankagwirira ntchito, akutukwana chamumtima.

Ine ndine telala, ndipo khonde langa linayang'anizana ndi mtengo umenewo zaka zambiri. Ndikanena kuti ndinkakondwa nawo tsiku lililonse ndinama. Mashini awo opukutira, ozungulira aja ovala chipewa chaubweya kumutu, ankalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuuma, ndipo ankamwaza madontho a kompaundi, phala loyera lopalira penti, mpaka pa nsalu zanga. Suti yakuda ya mkwati wina inachoka pakhomo panga ngati yagona pansi pa khola la nkhunda. Nditakalipa, iwo anangoti, "Alamu, muzisokera kuseri. Luso limafuna malo."

Koma ntchito ankaidziwa, pamenepo sindingawalande. Ankati dzuwa la kuno limaphika penti mpaka pamwamba pake pamasanduka ufa, ndipo chawo chinali kupala ufawo pang'onopang'ono kuti mtundu weniweni utulukire. Ankayamba atsuka galimoto, n'kuikokera pamthunzi, ndipo mashini sankawaimitsa malo amodzi ngakhale wina awapatse moni. Ankati ukaima wawotcha.

Galimoto imodzi yokha ndi yomwe inawakanika, ndipo inkawasowetsa tulo: lole ya bungwe lathu la maliro la pamsika. Kale inali yabuluu. Pofika masiku amenewo inali itatuwa mbuu, moti amayi akaitsamira polira ankachokapo ndi ufa pa chitenje. A Paison akaiona ikudutsa ankazimitsa mashini.

"Tonse tidzakwera iyi, alamu," ankandiuza. "Ine moyo wanga wonse ndawalitsa mamotoka a anthu, ndiye ndikafike kwa Mulungu mu chinthu chooneka ngati chatuluka m'chigayo? Adzandifunsa kuti unkagwira ntchito yanji?"

Tinkaseka, koma iwo sankaseka.

Ena onse mu tauni muno ankafuna kuwala, ngakhale m'nyumba mulibe ndiwo. Mwambo wa Angoni wa Ncwala ukayandikira, mzere wa magalimoto unkafika mpaka pakhonde panga, aliyense akufuna kukaimika chonyezimira ku Mtenguleni, komwe mwambowo umachitikira. Chaka china a Enoch, kalaliki wopuma pantchito, anabweretsa yawo ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri.

"Nanga injini ili kuti, amdala?" anafunsa a Paison atatsegula boneti.

"Ili kwa makaniko kuyambira chaka chatha. Imeneyo isakukhudzeni. Apongozi akubwera kuchokera ku Lundazi, akadzangoiona pabwalo basi."

A Paison anaipukuta tsiku lonse ndi mtima wonse, ndipo ng'ombe zinaibweza madzulo ikuphethira. Ndinamva kuti apongoziwo anajambulitsa chithunzi ataitsamira.

M'busa wina wa tchalitchi cha mu tenti nayenso anabweretsa yake Lachisanu, yofiira imene inali itasanduka ngati njerwa. Lamlungu anaiimika pakhomo pa tenti n'kulengeza kuti Ambuye amudalitsa ndi galimoto yatsopano, choncho mpingo uonjezere chikhulupiriro. Tsoka lake, a Paison anali atabwera kudzaonera ntchito yawo padzuwa. Anthu ali mkati mwa nthungululu, iwo anakweza dzanja kumbuyo.

"Ameni, abusa. Koma chitseko chakumanzere sindinamalize. Mubwere nayo Lolemba."

M'busayo sanabwerenso, ndipo a Paison anadandaula za chitsekocho mwezi wathunthu.

Tsono nkhani ya lole anaipititsa ku msonkhano wa bungwe. Wapampando wathu anali a Abel Tembo, ogulitsa mbewu ndi feteleza, munthu amene galimoto yake inkakhala yoyamba pamzere wa Ncwala chaka chilichonse.

"Sindifuna kalikonse," anatero a Paison. "Kompaundi ndi yanga, magetsi ndi anga. Mundipatse chabe Loweruka limodzi."

"A Paison, motoka ya maliro saikongoletsa," anayankha a Abel. "Mukaiwalitsa, anthu adzati tikuyembekezera munthu. Ndiye wina akagwa sabata yomweyo, chala chidzaloza ndani?"

"Nanga mukamaithira dizilo, simuyembekezera munthu?"

"Dizilo saoneka."

Anthu anaomba m'manja, ndipo nkhani inatumizidwa ku komiti yaing'ono kuti ikaiunike mofatsa. Komiti imeneyo inkakumana mokhulupirika, inkadya mabanzi, n'kugwirizana tsiku lokumananso. Chaka chilichonse a Paison ankaimirira kufunsa, ndipo chaka chilichonse ankauzidwa kuti nkhani ili m'manja abwino.

Tsiku lina mtima unawakanika a Paison. A Petulo, dalaivala wa loleyo, atalowa mu lesitilanti, a Paison anaizembera n'kuiika sampo pachitseko. Panatuluka buluu wokongola amene achinyamata sanamuonepo. Patapita masiku ochepa, gogo wina wogulitsa nsomba zouma anamwalira. Gogoyo anali wokalamba kwambiri moti ana ake omwe ankayendera ndodo, koma msika wonse unagwirizana kuti yamutenga ndi polishi. A Petulo anamata matope pa sampo ija, ndipo kuyambira pamenepo akaona ovolosi ya a Paison patali ankaliza injini n'kuthawa. Zinandikwiyitsa, chifukwa anthu omwewo madzulo ankabwera kudzafunsa ngati pali malo a galimoto zawo.

Chaka chatha chifuwa chinawagwira a Paison. Anaonda, mashini anayamba kuwalemera, ndipo masiku ambiri ankangokhala pampando pansi pa mango, mashiniwo ali pamiyendo, akuyang'ana msewu. Akazi awo, mai Rabecca, ankawabweretsera phala n'kulibweza litazizira. Ndinawasokera suti yaimvi, poti yakale inali itawakulira. Ataiyesa anadziyang'ana pa kalilole wanga nthawi yaitali.

"Mwasoka bwino, alamu," anatero. "Manje suti yotere, mu motoka ija?"

Ndinangowachotsa kaulusi paphewa. Anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

M'mawa wa tsiku loika maliro, a Abel anafika pasiwa maso ali pansi, a Petulo ali pambuyo. Anagwada pafupi ndi namfedwa.

"Amai, taganiza kuti popeza munthu wapita kale, palibe amene tikumuitana. Tibwerekeni mashini aja tiwalitse lole, atate apite mwaulemu."

Mai Rabecca anawayang'ana, kenako analoza kuchipinda.

Zomwe zinachitika kuseri kwa nyumba ija ndinaziona ndi maso anga. Lole sanaitsuke, poti nthawi inali itatha. Anaiimika padzuwa. A Abel anakhuthula kompaundi ngati akuthira manyowa m'munda, a Petulo n'kukanikiza mashini malo amodzi ndi mphamvu zawo zonse, akudikira kuti pawale. Panatuluka fungo lopsa. Atachotsa, panali chitsulo. Anasunthira pena, pamenepo n'kutuluka buluu, pena mizere yozungulirazungulira, pena chitsulo china. Aliyense wodutsa anali ndi malangizo, ndipo aliyense wa malangizo anapatsidwa mashini kuti ayese. Pomwe nyimbo yotulutsa bokosi inkayamba, loleyo inali ya mawangamawanga ngati ng'ombe, ndipo jekete yakuda ya wapampando inali yoyera ndi madontho.

Mai Rabecca anatuluka atagwiridwa mikono ndi amayi awiri. Ataiona anaima. A Abel ankangopukuta manja pa thalauza.

"Tinayesetsa, amai," anatero motsitsa mawu.

"Ndaona," anayankha mai Rabecca. "Tsekani bwino bokosilo, angaone."

Wina anaphulika kuseka kumbuyo, kenako tonse, mpaka namfedwa yemwe. Kuseka kwa mai Rabecca sikunathe bwino. Kunasanduka kulira kumene sindinakumvepo, ndipo tinawakweza mu lole akulirabe. Umo ndi momwe a Paison anadutsira mu tauni yawo ulendo womaliza, anthu m'mbali mwa msewu akuvula zipewa kwinaku akufunsana kuti lole yagwidwa ndi matenda anji.

Masiku ano khonde langa lili zii. Nsalu zanga zimakhala zoyera, makasitomala amandimva ndikamayankhula, ndipo sindikondwa nazo ngakhale pang'ono. Pansi pa mango pali mtsikana wogulitsa mayunitsi a foni. Magalimoto akutuwa mwamtendere, ndipo eni ake amagula tomato mosathamanga. Nthawi zina ndimapezeka ndaimitsa mashini anga osokera, ndikuyang'ana boneti ya munthu wosamudziwa, chisoni chitandigwira.

Mwezi watha tinali ndi msonkhano wa bungwe. Chakumapeto mlembi wa komiti yaing'ono anaimirira, nakonza kolala, n'kunena kuti ataunika mbali zonse mofatsa, komiti yavomera pempho la a Paison Mbewe, ndipo atha kuyamba ntchito Loweruka lililonse lomwe angafune. Palibe anaomba m'manja. Mai Rabecca, amene anakhala pafupi ndi ine, anamanga chitenje chawo n'kuimirira.

"Zikomo, a komiti," anatero. "Ndikawauza."