Batani Limene Ndinaletsa Ndekha

Lolemba

Kwatsala masiku asanu. Loweruka ndi msonkhano wathu wa olemba mapulogalamu a pa kompyuta, aulere aja, amene aliyense angathe kuwatsegula n'kukonza pamene palakwika. Okonza tilipo atatu, tonse ongodzipereka: ine, Tawanda ndi Yusufu. Malipiro athu ndi tisheti, ikapezeka.

Nkhani ya lero: ku holo yathu ya ku Kadoma kulibe magetsi. Akuba adula mawaya. Mlonda akuti "mwina mwezi wa mawa," ndipo akunena akusenda nzimbe. Mwayi wake mphunzitsi wina ku Chegutu watibwereka chipinda cha makompyuta, cha sola. Basi, tasamukira ku Chegutu.

Chotsala n'chaching'ono: kusintha mzere umodzi pa tsamba lathu la pa intaneti. Kufufuta Kadoma, kulemba Chegutu. Ndasintha, ndatumiza pempho loti anzanga avomereze. Lamulo lathu ndi lakuti wosintha sadina yekha batani lobiriwira lotulutsira zinthu pa tsamba. Mnzake aone kaye, avomereze. Lamuloli ndinalemba ndine. Chaka chatha Tawanda anadina yekha, ndinamukalipira pamaso pa gulu lonse mpaka anavula magalasi.

Ababa akubwera Loweruka. Zaka zonsezi amati ndimasewera ndi foni popanda mari, ndiye kuti ndalama. Ndikawaonetsa pulogalamu yanga yolankhula Chichewa, yowerengera akuluakulu mauthenga a pafoni. Akaimve okha ndi makutu awo. Kunena zoona, kwa ine msonkhano wonsewu ndi wa zimenezo.

Lachiwiri

Tawanda wayankha, wayamba n'kuyamikira m'Chishona. "Zvakanaka sisi, koma mapu akadali a Kadoma. Konzani kaye." Akunena zoona. Ndakonza.

Wayankhanso. "Mwasakaniza zinthu ziwiri m'pempho limodzi, sisi. Chigawo chachinayi cha malamulo." Ndatsegula malamulo. Chigawo chachinayi chilipodi, ndipo ndinachilemba ndine. Ndagawa pempho pawiri.

Zofunika Loweruka:
- mabanzi, madazeni asanu
- zingwe za magetsi zitatu
- pulojekita ya abusa, ndi nsalu yake yoyera yomwe ili ndi banga la sobo pakati
- munthu mmodzi wodina batani

Yusufu sakuyankha.

Lachitatu

Yusufu wapezeka, ndiye kuti tadziwa kumene ali. Mkazi wake akuti ku Gadzema kwatuluka golide, anthu onse athamangira kumeneko, iyenso wanyamula fosholo ya apongozi ake ulendo. Netiweki kulibe. "Akapeza kenakake abwera."

Ndaganiza zotumizira uthenga onse amene analembetsa. Manambala tilibe! Sititenga manambala a anthu, kuteteza zinsinsi zawo, chigawo chachisanu ndi chiwiri. Tsiku lopanga malamulo ndinaimirira mphindi makumi awiri kulimbikira chigawo chimenechi. Anthu anaomba m'manja.

Madzulo ku Eiffel Flats, kwa Ababa. Suti ya Ababa ili pa chingwe, ikuchoka fungo la mu sutikesi. Ndawauza kuti msonkhano ndi wa ku Chegutu. Mlamu wanga, munthu wothandiza pamene sanafunsidwe, watulutsa foni n'kuwaonetsa tsamba.

"Apa palembedwa Kadoma," akutero Ababa. Ndafotokoza za mawaya, za pempho, za batani. "Aikona. Zaka makumi atatu mumgodi ine ndinkatsata za pa bolodi, osati za pakamwa. Amene ankatsata za pakamwa tinawaika kalekale."

Sadza ndadya, koma sindinganene kuti ndiwo inali chiyani.

Lachinayi

Batani ndikuliona. Kiyi ndili nayo, nditafuna lingadinike. Chala chafika pafupi kawiri.

Tawanda walemba pa gulu lathu la pafoni: "Palibe kuthamanga sisi, munatiphunzitsa nokha kuti liwiro ndi limene limaphwanya tsamba." Waikapo kankhope komwetulira.

Sindidina. Bola ndife.

Tsopano akufuna chithunzi cha mmene tsamba lidzaonekere pa foni yaing'ono. Ndatumiza. Akuti ali pa maliro ku Battlefields, aona akabwerako. Ndafufuza, malirowo alipodi. Ndachita manyazi kuti ndafufuza.

Lachisanu

Nzeru! Pepala! Ndalemba ndi maka yakuda: MSONKHANO WASAMUKIRA KU CHEGUTU, m'Chingelezi, m'Chishona ndi m'Chichewa, pansi pake n'kujambula njira. Ndamata pa chitseko cha holo ya ku Kadoma ndi selotepi yonse. Pepala silifuna wovomereza.

Ndaimbira Ababa kuti mawa ndidzawatenge ndekha. "Kukwera kombi ndinayamba iwe usanabadwe." Adula.

Ku Chegutu ndayala mipando makumi asanu. Ndayesa laputopu yanga. Batire lake ndi lokalamba, popanda magetsi limakhala mphindi zisanu, koma kuno kuli sola, ndiye palibe vuto. Pulogalamu yalankhula. Mawu ake ali ngati a munthu wachimfine, koma ndi Chichewa chenicheni, cha Ababa, osati chathu chosakaniza ichi.

Tawanda: zii.

Loweruka

Naini koloko, Chegutu. Amene tilipo: ine, mphunzitsi, mabanzi.

Teni koloko. Abwera anthu awiri. Akufunsa ngati angatchaje foni.

Leveni koloko. Tawanda akuimba ali ku Kadoma. "Ndatsata tsamba, sisi." Holo yadzaza, ena akhala m'mawindo. Nanga pepala langa? Akuti mdala wina wa suti anafika sikisi koloko n'kulimatula. Lilibe chidindo, lilibe siginecha, ndiye ndi la anthu ansanje ofuna kuononga msonkhano wa mwana wake. Wakhazika anthu pansi, watsegula ndi pemphero, ndipo waima pakhomo kuti wina asatuluke mwana wakeyo asanafike.

Mayo ine!

Ndanyamula laputopu, ndakwera kombi ya ku Kadoma. Chimene sindikudziwa n'chakuti Tawanda nayenso waganiza zothandiza. Wauza anthu za Chegutu n'kuwatulutsira khomo la kumbuyo. Pakati pa njira ndapatukana ndi makombi atatu odzaza anthu a zikwama za laputopu. Mmodzi wandibayibitsa.

Holo ya ku Kadoma: mipando yopanda anthu, kamdima, Ababa pa mzere woyamba, chipewa pa bondo.

"Wachedwa."

Ndayatsa laputopu. Kuti idzuke yatenga mphindi zinayi. Kenako mawu achimfine aja: "Mwaswera bwanji, bambo?"

Ababa aimirira. Akonza jekete. "Ndaswera bwino, kaya inu?"

Yazima.

Adikira. Ndithu adikira, mutu atapendeketsa, kuopa kuti yankho lingawaphonye. "Ulemu ili nawo," akutero, "koma waiphunzitsa kufunsa kokha."

Ndapita kukalira m'chimbudzi, pang'ono pokha. Madzi nawonso mulibe.

Ku Chegutu akuti zayenda bwino kwambiri. Tawanda ndiye analandira alendo. Mabanzi sanakwane.

Lamulungu

Sindikupita ku tchalitchi. Nsalu ya abusa ndibweza mkati mwa sabata, ili ndi banga lachiwiri.

Yusufu wabwerako ku Gadzema. Golide alibe, fosholo alibe. Wapeza netiweki, waona mapempho anga awiri, wadina onse. Walembapo: "Zili bwino achemwali, tionana Loweruka."

Tsamba tsopano likuti Chegutu. Mapu ndi olondola. Pa foni yaing'ono likuoneka bwino.

Masana Ababa akuimba pa foni ya mlamu. Wawaonetsanso tsamba, mlamu ameneyu.

"Waona? Tsopano ndiye alemba. Suti sindinaibwezere mu sutikesi. Chinthu chako chija chikandiyankhe. Tinyamuka nthawi yanji?"

Ndaimbira mphunzitsi kufunsa ngati chipinda chidzakhale chopanda anthu Loweruka likubwerali. Akufunsa kuti ayale mipando ingati.

Zofunika:
- mpando umodzi
- mabanzi awiri
- kuiphunzitsa kunena kuti "Ndaswera bwino"