Kabowo kamene ndinatsegula

Mpaka lero ndikamva fungo la oilo wopsa, ndimakumbukira nkhani imodzi. Nkhaniyi anzanga a kumpingo amaikamba akuseka, nanenso ndimasekera nawo, koma ndikakhala ndekha siindiseketsa.

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi ya m'gadeni, ku Irene, dera la kufupi ndi Pretoria. Munthu wa m'gadeni amakhulupirira chinthu chimodzi: chotsekeka chilichonse chiyenera kutsegulidwa. Paipi yothirira maluwa ikatsekeka, waya. Ngalande ikatsekeka, ndodo. Madamu omwe ndimawagwirira ntchito amanditama nazo zimenezi (ndikuganiza kuti mutu unayambira pomwepo kukula).

Ku Pretoria North kunali abambo Mbewe, makaniko wokonzera magalimoto kuseri kwa nyumba, amene tinkapemphera nawo mpingo umodzi. Anabadwira m'mafamu a fodya ku Zimbabwe. Makolo awo anali a ku Neno, koma iwo dziko la Malawi anali asanalipondepo, ankangolimva m'kamwa mwa bambo awo. Atakalamba, shuga atayamba kuwadya maso, anagula kabaki, kagalimoto kakale konyamula katundu kumbuyo, kofa injini.

"Ndikakonza ndekha," anandiuza, "ndikaone kwathu maso asanazime. Iwe mphwanga njira ukuidziwa, udzayendetsa."

Ndinawauza kuti mabasi alipo. Anakana. "M'basi ungamuuze dalaivala kuti taima kaye ndione phiri?"

Choncho Loweruka lililonse ndinkapita kukawathandiza. Iwo anali mutu, ine maso ndi manja. Tsiku lina injini ili pafupi kutha kukonzedwa, anayenera kupita kuchipatala. Anandisiyira buloko, chitsulo chachikulu chija chomwe ndi thupi la injini, nati: "Zonse ndayendera kale ndi zala. Iwe ungopukuta kutsogoloku, uvindikire tcheni ndi chivundikiro chake, umange."

Ndikupukuta, ndinaona kachitsulo kakang'ono kolowetsedwa m'buloko, kofanana ndi bauti yopanda mutu. Ndinakayang'anitsitsa. Bauti imagwira chinthu, koma aka sikankagwira kanthu, kanangokhalapo. Mtima wa m'gadeni unadzuka. Ndinafunafuna kasipanala kokwana, ndinalimbana nako mpaka thukuta, kanatuluka. Kumbuyo kwake kunali bowo lalitali. Ndinalowetsa waya, waya analowa yense. Abale, chimwemwe chomwe ndinali nacho simungachimvetse. Ndinati eya, mwini galimoto wakale anatseka mpweya wa injini, n'chifukwa chake inafa (injini kupumira pamenepo, musandifunse kumene ndinazitenga).

Abambo Mbewe sindinawauze. Ndinkati ndikanena, ndiwachititsa manyazi kuti maso awo aphonya chinthu chimene wa m'gadeni waona. Mwaulemu wonse ndinaponya kachitsuloko m'thumba la ovolosi, ndinavindikira, ndinamanga mabauti zolimba.

Tsiku loliza injini linali Lamlungu, titaweruka kutchalitchi. Anthu anabwera kudzapempherera galimoto. Ulendo weniweni unali udakali kutsogolo, uku kunali kungoyesa, koma madalawo anavala jekete ndi chipewa ngati tikunyamuka. Nditapotokola kiyi, injini inadzuka. Azimayi anayamba nyimbo, azibambo akuomba m'manja. Pansi oilo sanadonthe ngakhale pang'ono, chifukwa ankathawira mkati mwa chivundikiro n'kubwerera kumene wachokera. Kanyale kochenjeza za oilo kanali kakufa kalekale. Makutu a abambo Mbewe akanamva kuti injini ikuuma, koma kwaya inali itakolera.

Tinanyamuka, anthu akutibayibitsa ngati tikupitadi ku Malawi. Madala anatsitsa galasi, nkhope ikuwala. Titadutsa maloboti oyamba, anapendeketsa mutu.

"Mphwanga, ukumva?"

Ndinamva. Gogodo, gogodo, ngati munthu akumenya chitseko ndi mwala. Asanamalize kunena kuti zimitsa, injini inazima yokha, fungo la chitsulo chopsa lili tolo. Omwe anatiimbira aja ndi omwe anatikankha pobwerera, ena ali ndi nsapato za kutchalitchi m'manja.

Loweruka lotsatira tinaphwasula. Anayendetsa chala kutsogolo kwa buloko, chala chinaima.

"Apa panali kachitsekero. Kapita kuti?"

Ndinapisa m'thumba, ndinakaika m'dzanja lawo. Ndinafotokoza zonse, za waya ndi za mpweya zomwe. Anakagubuduza m'zala.

"Eish, mwana iwe," anatero motsitsa. "Kufakitale akamaboola njira ya oilo, chobowolera chimalowera kunja kuno. Akamaliza amatseka khomo lomwe analowera, kuti oilo asathawirepo, akakamizike kupita kumene zitsulo zikukhulana. Timatsegula potsuka, kapena pomangapo geji yoonera mphamvu ya oilo, kenako timabwezera. Iwe unamuonetsa oilo njira yachidule. Ndani angakwere phiri chidule chilipo?"

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira, kapena kundigenda ndi sipanala, ndikanapepukidwa. Anangondibwezera kachitsekeroko nati ndisunge.

Zitsulo za mkati zinali zitadyana zosakonzekanso. Tinayamba kuyendayenda m'masikirapu, mogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, kufuna zina, koma galimoto zakale chotero zinatha, ndipo shuga sanatidikire. Dzinja la kuno lisanathe, maso awo anazimiratu. Ndinawapempha kuti tikwere basi, ndiwagwire dzanja njira yonse. Anaseka pang'ono. "Ndikaonenso chiyani, mphwanga?"

Lamlungu lina anandiuza kuti ndiwalowetse m'kabaki kaja, komwe kanali kataphwa matayala pansi pa mtengo. Anakhala mbali yawo, ine pa chiwongolero.

"Yendetsa," anatero. "Undiuze zomwe ukuona."

Ndinkayesa nthabwala, koma anali atavala chipewa. Ndinayamba kuwauza msewu wa ku Polokwane, malambe a ku Musina, mzere wa pa Beitbridge. Sankafuna kuthamanga. Ndikafulumira ankati, "Taima kaye ndione." Lamlungu lililonse tinkapitiriza pomwe tinalekezera. Ku Zimbabwe anandilanda nkhani, ankafotokoza ndi iwo, ine n'kumangogwira chiwongolero. Pa Tete ndinawauza za mlatho ndi kutentha kwake, mpaka anavula jekete. Anthu odutsa ankationa ngati amisala, ndipo ine ndinkalira mwakachetechete, podziwa kuti sakundiona.

Lamlungu lomaliza tinafika pa Zobue. Ndinawauza kuti mapiri akuonekawo ndi a Malawi, kuti tikangodutsa geti tili pa Mwanza, ndipo Neno ndi pafupi. Ndinafuna tiwoloke tsiku lomwelo. Anagwira dzanja langa.

"Ayi, kwathu sindingalowe nditatopa. Tidzawoloka sabata yamawa, m'mawa."

Anamwalira sabata isanathe, ndipo tinawaika konkuno.

Mukandifunsa ngati ndinaphunzirapo, pang'ono ndinaphunzira. Masiku ano madamu akandilozera paipi yotsekeka, ndimayamba ndafunsa kuti anatseka ndani ndipo chifukwa chiyani, mpaka akuganiza kuti ndayamba ulesi. Koma dzanja silinamve, likaona chotsekeka limayabwabe. Likatero ndimalipisa m'thumba la ovolosi, limakumana ndi kachitsekero kaja, n'kukhala chete.

Chaka chatha ndinapita kumudzi pa basi. Titadutsa geti la pa Zobue, ndinadzuka pampando n'kumuuza dalaivala kuti taimani kaye pang'ono. Anandiyang'ana pagalasi, sanaime.